Za kwa Mponda ndinakazimvera ku Zanzibar

Ku Zanzibar sindinapitire zokaona malo. Ndinali ku Dar es Salaam kudikira katundu amene anachedwa kutuluka padoko, ndiye mnzanga amene timagula naye nsalu ku Kariakoo anati m'malo mongogona m'chipinda cha alendo kuwerenga malata a kudenga, tiyeni tiwoloke. Maola awiri pasitima yapamadzi, m'mimba mukuchita kutembenuzika, tinafika ku Stone Town.

Tinjira take topanikizana, zitseko zamatabwa zogoba mochititsa kaso, madzi obiriwira aja, zonsezi munaziona kale pa Facebook. Ine chinandigwira mtima ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chimene anayamba kumanga mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo, chaka chomwecho msikawo utangotsekedwa. Panja pake pali dzenje, ndipo m'dzenjemo mwaima zifaniziro za anthu asanu, unyolo uli m'khosi. Mnyamata wotionetsa malo atamva kuti ndine wa ku Malawi anandiyang'ana kawiri. Anati ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pano ankachokera kwanuko, kunyanja, kudzera ku Kilwa. Kenaka anatchula mafumu awiri: Makanjira ndi Mponda.

Mponda! Kumene ndinkakadyera holide ndili mwana, kwa amalume anga. Kumene ndinaphunzirira kusambira, kuba mango, ndi kupereka moni m'Chiyao. Dzina limeneli ndinkalidziwa ngati siteji yotsikirapo minibasi basi. Ndinachita manyazi kuti mbiri ya kwathu ndikuuzidwa ndi mwana wa eni, m'Chingelezi chosakaniza ndi Chiswahili, nditalipira ndi ndalama yolowera pakhomo.

Nchifukwa chake mwezi wa Okotobala ndinakwera minibasi ku Limbe kulowera ku Mangochi. Za ulendowu sindinena zambiri. Tinaphulitsa tayala titangopitirira Liwonde, kondakitala n'kupezeka kuti alibe jeke, ndipo tinakhala pansi pa mlambe mpaka dzuwa kupendeka. Kuchokera pa Ulongwe mpaka kufika, milambe ndi migwalangwa ili ndandanda, nyanja ya Malombe ikungonyezimira chakumanja, kutentha kwake ngati wina wakutsekera m'uvuni wa njerwa.

Amalume anagwirapo ntchito pasitima zapanyanja ku Monkey Bay, pano anapuma. Nditawauza chimene ndabwerera anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, wapita mpaka ku Zanzibar, koma nsanja ya wotchi ili apa sunaimepo n'kamodzi komwe?"

"Ndimadutsapo, amalume."

"Kudutsa ngakhale mbuzi zimadutsa."

M'mawa mwake tinakwera makabaza awiri mpaka pamphambano ya pafupi ndi mlatho. Nsanjayo ndi ya njerwa zofiira, yosatalika kwenikweni, ndipo anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain imene inamwalira mu 1901. Mayi ameneyu sanapondepo phazi m'dziko muno. Tauni yonseyi kale inkatchedwa Fort Johnston, kutengera Harry Johnston amene mu 1891 anamanga linga moyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Malowo sanawasankhe chifukwa cha kukongola. Apa ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja, ndipo amene wagwira doko la pamenepa ndiye amaona aliyense wowoloka, kaya wasenza minyanga ya njovu, kaya wamangidwa m'goli. Mponda analemera nalo doko limeneli. Johnston ankalifuna pachifukwa chomwecho.

Pafupi ndi nsanjayo pali mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss, yochokera m'sitima yankhondo ya Gwendolen. Nkhani yake amalume amaikonda kwambiri, moti anaifotokoza ataimika mwendo umodzi pachitsulo ngati iwo ndiwo kaputeni. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kaputeni Rhoades analamulidwa kukaononga sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda, ikukonzedwa, ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Anaiwombera. Amati kaputeni wa Chijeremani, amene anali mnzake wa Rhoades womwa naye mowa, anapalasa bwato kudzamufunsa ngati waledzera, poti uthenga woti kwayamba nkhondo unali usanamufike. Angelezi amaiwerengera nkhondo yam'madzi imeneyi m'gulu la zoyambirira zenizeni zimene anapambana. Pa nyanja yathu yomweyi ya usipa.

Atafika pa chikwangwani cha Vipya nthabwala zinatha. Sitima imeneyi inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, chaka chomwecho itangoyamba kunyamula anthu, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Amalume anavula chipewa. Anati aliyense amene anagwirapo ntchito panyanja amadziwa kuti mwera suseweretsedwa. Kukhoza kucha bata ngati madzi a m'beseni, pofika masana mafunde akutalika kuposa nyumba.

Tinalowanso m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene kale inali kalabu ya azungu. Muli mabwato, maukonde, zithunzi, ndi chifaniziro cha pamwamba pa Gwendolen. Ndi nyumba yaing'ono, ola limodzi mwamaliza, ndipo tsiku limenelo alendo tinali awiri tokha.

Koma chimene chinandivuta ndi ichi. Pamphambano paja mfumukazi ili ndi nsanja yake, sitima yankhondo ili ndi mfuti yake, omira pa Vipya ali ndi chikwangwani chawo. Nanga aja ndinawaona ku Zanzibar ataima m'dzenje? Ulendo wawo unkayambira kuno. Nditaima pa mlatho wa Bakili Muluzi ndinayang'ana kumtunda kwa mtsinje: amayi akuchapa, ana akudumphira m'madzi, mnyamata akupalasa bwato lodzaza nkhuni, mzikiti ukuitana anthu kukaswali. Mtsinje wokongola zedi, wodekha. Kuchokera apa kukafika kunyanja yamchere ndi ulendo wa miyezi wapansi, ndipo ofooka ankangosiyidwa m'njira.

Ndinawauza amalume maganizo angawa. Anakhala kaye chete.

"Mwanawe, nkhaniyi ndi yolemera. Amene ankagwira anzawo ndi amene ankagwidwa, zidzukulu zawo lero zinakwatirana. Azakhali ako ndi Myao, ine Mnyanja. Mwalawo ukauika, ulembapo kuti chiyani?"

Ndinalibe yankho lachangu. Komabe ine ndimaona kuti ku Zanzibar nakonso zidzukulu za ogula ndi ogulidwa zimakhalira limodzi, koma dzenje lija analikumba. Ndipo tisanamizane kuti Johnston anabwera ndi chifundo chokhachokha: mfuti zimene zinathetsa malonda a akapolo ndi zomwezo zinabweretsa msonkho wa nyumba. Makanjira anakana kugonja, moti kaputeni Cecil Maguire, mkulu wa asilikali a Johnston, anaphedwa kumeneko mu Disembala 1891. Jalasi, wa kumapiri a ku Namwera, anagonja mu 1895, ndipo pamalo pake anamangapo linga la Fort Mangochi, limene makoma ake amiyala alipobe m'nkhalango. Phiri la Mangochi, pamene pali lingalo, ndi limene linapatsa boma lino dzina. Kumeneko sitinakwere, mawondo a amalume anakana.

Tsiku lachitatu tinalowera ku Cape Maclear, kumene eni ake amati kwa Chembe. Mukapatuka msewu wa ku Monkey Bay, njira imakhotakhota pakati pa mapiri amiyala, anyani atakhala m'mbali ngati apolisi apamsewu. Kenaka mwadzidzidzi nyanja ija ili poyera, chilumba cha Thumbi chili patsogolo, Domwe chakumanja.

Alendo ambiri amathamangira kumchenga. Ife tinayamba ndi manda. Kumapeto kwa mudzi, m'munsi mwa phiri, kuli manda a amishoni oyamba a Livingstonia. Anafika kuno mu Okotobala 1875 pasitima yaing'ono yotchedwa Ilala, motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Sitimayo anachita kuimasula zidutswazidutswa, anthu akuda n'kuisenza pamutu kulambalala mathithi a Shire, kenaka n'kuilumikizanso. Malowa anawakonda chifukwa cha doko labwino, osadziwa kuti udzudzu unawakonda kale. Dr William Black anamwalira mu 1877, ena n'kutsatira. Pofika mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe kumene kuli Livingstonia ya lero. Pa zaka zonse zimene anakhala kwa Chembe, munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa m'chaka chosamukacho. Amalume anati abusa a masiku ano akanakhala iwo bwenzi atatseka tchalitchi mwezi wachiwiri.

Dzina loti Maclear nalonso ndi la munthu amene sanafikeko. David Livingstone anapereka dzinali polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town.

Masana tinabwereka bwato la injini kupita ku Thumbi. Apa ndiye ndivomere, ku Zanzibar sindinaone zoposa izi. Mnyamata woyendetsa anandipatsa galasi lovala kumaso n'kundiuza kuti ndingoviika mutu. Mbuna! Zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zina zalalanje, zikuzungulira miyala, zina kudzandijompha zala. Tinsomba timeneti asodzi sanali kutiwerengera n'komwe, koma ndi timene tinachititsa kuti malowa akhale Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, Stone Town isanalowepo, poti iyo inalowa mu 2000. Mitundu yake ndi mazanamazana, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo ina imangokhala pamiyala ya chilumba chimodzi osawolokera china. Zazikazi zimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Pobwerera mnyamata uja anaimba likhweru n'kuponya nsomba m'mwamba. Nkhwazi inachoka mumtengo, kutsika mopendekeka, n'kuitola pamadzi osanyowetsa ngakhale mapiko.

Langizo limodzi kwa amene mukufuna kupitako: madzi a m'mbali mwa mudzi ali ndi likodzo, ndiye mukasambira kumbukirani kukaonana ndi achipatala pakapita milungu ingapo.

Madzulo tinakhala pamchenga tikudya kampango wowotcha. Mdima utagwa nyali za asodzi a usipa zinayamba kuyaka, imodzi, zisanu, kenaka mzere wonse, ngati tsidya linalo kwamera tauni. Amalume anandipempha foni kuti aone zithunzi za ku Zanzibar. Zitseko zogoba zija anangodutsa. Atafika pa anthu asanu a m'dzenje anaima, n'kukulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri monga ndinawaphunzitsira, n'kuyang'ana nkhope imodziimodzi.

"Uyu wapakatiyu," anatero, "akufanana ndi agogo ako aamuna."

Anandibwezera foni, n'kufunsa ngati mutu wa kampango uja ndiudya kapena awuthandize.