Momwe ndinapezera nambala ya msonkho ya nsapato za patapata

Nditaitanitsa koyamba nsapato za patapata kuchokera kunja, wogulitsa anangolemba pa invoisi kuti ndi nsapato za pulasitiki, ndipo ine ndinkayesa kuti mawu amenewo akwanira. Ejenti wondithandiza kutulutsa katundu ku kasitomu anandiuza kuti msonkho umawerengedwa potsata nambala ya katundu, choncho ndinayenera kuipeza makatoni asanafike.

Nambala zimenezi zimachokera mu Harmonized System, ndondomeko ya bungwe la World Customs Organization la ku Brussels, imene inayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala 6 oyambirira amafanana m'maiko onse otsata ndondomekoyi, koma dziko lililonse limawonjezera ake kumapeto ndipo limadziikira lokha kuchuluka kwa msonkho. Nsapato zili m'chaputala 64, ndipo ndinayamba ndi kuwerenga malamulo a kumayambiriro kwa chaputalacho ndisanathamangire manambala.

Malamulowo amafunsa zinthu ziwiri: chimene chinapangira soli, ndi chimene chinapangira mbali ya pamwamba. Pa soli amayang'ana chinthu chimene chimagunda pansi kwambiri munthu akamayenda, pomwe pamwamba amayang'ana chimene chatenga malo aakulu kunja, osawerengera zokongoletsera. Ndinapempha wogulitsa kuti anditumizire sampulo ya mtundu uliwonse pamodzi ndi kalata yofotokoza zipangizo zake. Pa mitundu iwiri yoyamba, soli inali ya EVA ndipo zingwe zinali za PVC, zonse ziwiri pulasitiki, motero mutu woyenera (manambala anayi oyambirira) unali 6402, wa nsapato za soli ndi pamwamba pa rabala kapena pulasitiki. Mutu wa 6401 ndinaudumpha chifukwa ndi wa nsapato zosalowa madzi, monga magambutsi.

Pamene panandidyera nthawi ndi pa manambala awiri omaliza mwa 6 aja. Nambala ya 6402.20 ndi ya nsapato zimene zingwe zake zimalowetsedwa m'mabowo a soli n'kugwidwa ndi timitu ta zingwe zomwezo. Ndinatembenuza nsapato yoyamba n'kuona timitu titatu tobulungira pansi pake, kamodzi pa chingwe chopita pakati pa zala ndi tiwiri m'mbali. Imeneyi inali 6402.20 popanda kukayika. Koma mtundu wachiwiri, umene pamwamba unkaoneka chimodzimodzi, unalibe kamutu ngakhale kamodzi. Nditaucheka ndi mpeni ndinapeza kuti zingwe zinamatidwa ndi guluu pakati pa zigawo ziwiri za soli, ndiye unapita ku 6402.99, komwe kumapitanso patapata zoumbidwa kamodzi n'kamodzi popanda cholumikiza. Ndimaona kuti apa ndi pamene oitanitsa ambiri angalakwitse mosadziwa, pakuti munthu amaweruza nsapato poiona pamwamba, pomwe yankho lili kunsi kwake.

Mtundu wachitatu unali ndi zingwe za nsalu pa soli ya pulasitiki, ndipo umenewu unatuluka mu 6402 n'kupita ku 6404. Timaluwa ta pulasitiki tosokeredwa pa zingwezo sitinasinthe kanthu, chifukwa ndi zokongoletsera chabe.

Nditatsimikiza zonsezi, ndinabweza invoisi kwa wogulitsa kuti alembe mtundu uliwonse pa mzere wakewake, ndi chiwerengero cha mapeya, mtengo, zipangizo ndi kalumikizidwe ka zingwe. Ndinajambulanso zithunzi za kunsi kwa nsapato iliyonse, kenako ine ndi ejenti tinafufuza manambala owonjezera m'buku la msonkho la dziko limene katundu ankalowa, tikuonetsetsa kuti bukulo ndi la chaka chimenecho, popeza ndondomekoyi imakonzedwanso pakapita zaka, monga zinachitikira mu 2022.

Tsiku loyendera katundu, ofisala wa kasitomu anatsegula makatoni atatu, natembenuza nsapato imodzi ya mtundu uliwonse, nayerekeza ndi mizere ya pa fomu. Sampulo imene ndinacheka ija ndinali nayo m'chikwama, ndipo atafunsa chifukwa chimene mtundu wachiwiri sunali pa 6402.20, ndinangomuonetsa pomwe panali guluu.