Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Chaka cha Maginito

M'gawo lapitali ndinakusiyani ndikulowa chaka chomaliza cha digiri ya fizikisi. Aphunzitsi amene ankandiyang'anira pa kafukufuku anandipatsa mutu umene poyamba ndinkauyesa nthabwala: kugwiritsa ntchito masamu a maginito pofuna kumvetsa mmene magulu awiri a anthu amakokerana maganizo.

"Bwana, anthu asanduka chitsulo?" ndinafunsa.

"Kawerenge kaye za Ising, mwana wanga, ukabwere tidzakangane bwino."

Ernst Ising anali wophunzira wa Wilhelm Lenz ku Hamburg, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1925. Nkhani yake ndi yosavuta. M'chitsulo muli tizigawo tosaoneka ndi maso, kalikonse koloza m'mwamba kapena pansi, ndipo kamakonda kuloza kumene anzake oyandikana nawo aloza. Kutentha ndiko kumatisokoneza. Chitsulo mukachitenthetsa kupyola madigiri 770, mphamvu yake ya maginito imatha. Ising anayala tizigawoto mu mzere umodzi ndipo sanapeze kusintha kwadzidzidzi kulikonse, koma mu 1944 Lars Onsager anasonyeza kuti tikayalidwa m'litali ndi m'lifupi, kusinthako kumachitika. Tsono m'malo mwa "m'mwamba" ndi "pansi" ikani "eya" ndi "ayi", ndipo m'malo mwa tizigawo tija ikani anthu. Serge Galam ndi anzake awiri anayesa zimenezi mu 1982 pa nkhani ya sitiraka.

Ine ndinalemba pulogalamu ya pakompyuta yokhala ndi magulu awiri, lalikulu ndi laling'ono, ndi manambala atatu: mmene a gulu lalikulu amamverana, mmene a gulu laling'ono amamverana, ndi mmene maguluwa amakhudzirana. Pa sikirini pankaoneka timabokosi toyera ndi takuda, kalikonse koimira munthu wa "eya" kapena wa "ayi". Usiku wina ndinkakweza nambala yachitatu ija pang'onopang'ono. Zii. Ndinakwezanso, zii. Kenako, nditangowonjezera kachinthu kochepetsetsa, gulu lalikulu lonse linatembenuka, kutsatira laling'ono lomwe linali logwirana kwambiri. Nditatsitsanso nambala ija kufika pomwe inali, silinabwerere. Ndinadzuka pampando.

Chinandigwira mtima n'chakuti mu pulogalamumo munalibe mtsogoleri, munalibenso wonyengerera anzake. Aliyense ankangoyang'ana oyandikana naye basi. Thomas Schelling anaonanso zotere mu 1971 posuntha ndalama zachitsulo pa bolodi: anthu amene sadana ndi kukhala pakati pa amtundu wina, bola asatsale okhaokha, amathabe kugawikana m'madera osiyana.

Koma mkangano umene aphunzitsi analonjeza uja unabweradi. Ine ndinkati kutentha kwa chitsulo timayeza ndi chipangizo, nanga "kutentha" kwa anthu n'chiyani, ndipo tikuyeza ndi chiyani? Iwo ankati ndi ufulu wa munthu wochita zosiyana ndi anzake. Yankho lokoma kulimva, komatu silikupatsa nambala yoti ulembe. Mpaka lero ndimaona kuti masamuwa amafotokoza bwino chifukwa chake zinthu zimasintha mwadzidzidzi, koma amene anganene kuti akudziwa tsiku lake akudzitama chabe.

Maganizo amenewa ndinawalemba momwemo m'mutu womaliza wa kafukufuku wanga, aphunzitsi atandiletsa. Zimene zinachitika pamaso pa oyesa mayeso ndikuuzani m'gawo 12.