Sabata yachinayi: kapu yogwa pang'onopang'ono

Sabata ino ndinajambula kachigawo kamodzi maulendo asanu ndi awiri, pamene mnzanga akuyesa kuwakha kapu ya madzi imene yagubuduka patebulo. Foni yanga imajambula zithunzi 240 pa sekondi, ndipo ndikazionetsa pa liwiro la zithunzi 24 pa sekondi, lomwe mafilimu akhala akugwiritsa ntchito chiyambireni kukhala ndi mawu kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, sekondi imodzi imatalika n'kukhala masekondi khumi.

Ndinkayembekezera kuti anthu aziseka madzi akumwazika, koma amene ndinawaonetsa sanawasamale madziwo. Iwo anaseka nkhope ya mnzangayo: maso atong'oka, kukamwa kuli yasa, dzanja likutambasuka mwaulemerero ngati la munthu wopulumutsa mwana pamoto, chonsecho ndi kapu chabe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kuchedwetsa kanema kumapatsa kanthu kakang'ono ulemu wosakayenera, ndipo nthabwala imabadwira pa kusiyana kumeneku. Nditachedwetsa chigawo chonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kuseka kunazirala, chifukwa woonera anali atadziwiratu mathero ake kalekale.

Ndinayesanso njira yosiyana nayo. M'nthawi ya mafilimu opanda mawu, wojambula ankapukusa kamera ndi dzanja, ndipo akapukusa pang'onopang'ono, anthu ankaoneka akuthamanga mopupuluma pa kanema, monga apolisi a m'mafilimu oseketsa a kampani ya Keystone, imene inkatsogoleredwa ndi Mack Sennett. Nditafulumizitsa chigawo chokolopa madzi aja, mnzangayo anasanduka ngati makina. Zinaseketsa ndithu, koma palibe amene anamumvera chisoni.

Chimene chandisowetsabe mtendere ndi chigawo china cha Buster Keaton, katswiri wa mafilimu oseketsa opanda mawu, mu filimu ya Steamboat Bill, Jr. ya 1928, pamene khoma la nyumba limamugwera iye ali chiimire, n'kupulumukira pa zenera lotsegula. Palibe kuchedwetsa kulikonse, ndipo iye sasuntha n'komwe. Chimene chikuyenda ndi khoma lokha.

Vuto langa lina ndi kuwala, pakuti zithunzi 240 pa sekondi zimafuna kuwala kochuluka, ndipo m'nyumba kanema anatuluka wakuda komanso wothwanimathwanima chifukwa cha babu. Sabata yamawa ndidzajambulira panja, ndidzachedwetsa masekondi awiri okha pamene dzanja laphonya kapu, kenako mnzangayo adzangoima chilili osaphethira.