Sabata ya chilungulira

Ntchito yanga pachipatala china kuno ku Angónia ndi yowerenga zomwe adokotala alemba m'mafayilo a odwala, n'kupatsa matenda aliwonse nambala yake ya m'buku la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, lomwe timalitcha CID-10. Lolemba ndinapeza mafayilo ali mulu, ambiri olembedwa mawu amodzi okha achipwitikizi: "gastrite".

Mawu amenewa amandisowetsa mtendere. Gastrite ndi kutupa kwa khungu la m'kati mwa chifu, nambala yake K29. Koma ukawerenga zomwe wodwala anadandaula, umapeza zina: pamtima pakuwotcha akangodya, madzi owawasa akubwerera kukhosi, usiku akagona zimanyanya. Chimenecho ndi chilungulira. Pomwe kummero kumakumana ndi chifu pali kamnofu kotseka njira. Kakafooka, asidi amakwera n'kumawaula kummero. Zikachitika mwa apo ndi apo, timalemba R12, chizindikiro chabe. Zikakhala zosatha, adokotala n'kutsimikiza kuti ndi matenda a refluxo, ndiye K21: K21.0 ngati kummero kwatupa, K21.9 ngati sikunatupe. Kutupako kumaoneka polowetsa kachipangizo kounikira kukhosi, choncho sindilemba K21.0 mongoganizira.

Lachiwiri ndinatenga mafayilo asanu kubwerera nawo kwa técnico wathu, yemwe amaona odwala ngati dokotala. "Achimwene, apa mumatanthauza chiyani?" Anaseka, koma anawerenganso, atatu anawakonza. Ine ndilibe mphamvu yosintha zomwe dokotala wapeza, changa n'kufunsa basi.

Lachitatu kunali za amayi oyembekezera. Mwana akamakula amakankha chifu, chilungulira n'kuchuluka, ndipo matenda a m'mimba osokoneza pakati ali ndi nambala yawoyawo, O99.6.

Chomwe chandikhala pamtima ndi cha Lachinayi. Agogo ena ochokera cha ku Domwe anabwera atagwira pachifuwa, akuti ndi mbatata yomwe anadya dzulo lake. Kunyumba anali atamwa kale soda wosungunula m'madzi. Namwino anaona thukuta lili kamukamu, ululu ukutsikira kudzanja lamanzere, sanataye nthawi. Sichinali chilungulira, unali mtima, ndipo anawatumiza ku Tete tsiku lomwelo. Pachichewa timati "pamtima pakuwotcha" ngakhale vuto lili kummero, ndiye zinthu ziwirizi zimasokonezeka msanga. Ndinakhala nthawi ndikuyang'ana fayilo ija. Akanapatsidwa omeprazol, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, n'kubwerera kumudzi, ine ndikanalemba K21.9, nambala yooneka bwinobwino, ndipo palibe akanadziwa.

Lachisanu magetsi anavuta, lipoti ndinalimaliza mochedwa. Potuluka mlonda wathu anandiimitsa pachipata, nayenso chilungulira chikumuvuta. Ndinamufunsa nthawi yomwe amadya nsima. Akuti akangotsuka m'manja amadzigwetsa pamphasa. Ndinamuuza azidikira maola atatu asanagone, akweze kumutu kwa pogona pake, achepetse fodya ndi kachasu, ndipo Lolemba akaonane ndi adokotala. Wandilonjeza kuti abwera m'mamawa mzere usanatalike.