Ndinapita ku Athens kukafuna Dionysius mmodzi

Nditatuluka pa siteshoni ya Akropoli, dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo ngakhale nthawi inali isanakwane 10 koloko. Ndinagula koulouri, kabuledi kozungulira ngati nkhata kowazidwa chitowe, n'kuyamba kutsata msewu wa miyala umene umadutsa m'tsinde mwa phiri la Acropolis. Galimoto sizidutsamo. Pachikwangwani panalembedwa kuti Dionysiou Areopagitou, ndipo mtima unagunda, chifukwa munthu ameneyu ndi amene anandibweretsa kuno.

Amene munakulira ku Sande sukulu mukumudziwa. Pa Machitidwe 17:32-34 timamva kuti mtumwi Paulo atalalikira pa Areopagus, thanthwe la pafupi ndi Acropolis, ena anamuseka pa nkhani ya kuuka kwa akufa, koma ochepa anakhulupirira, ndipo awiri okha ndiwo atchulidwa maina: Dionysius, wa m'bwalo la milandu la pomwepo, ndi mayi wina dzina lake Damaris. Ine ndinkangofuna kuima pamene anaima bambo ameneyu.

Ndisanayende ndi mamita 200 omwe, kudzanja lamanja ndinaona mipando ya miyala yosanjikizana m'mbali mwa phiri. Ndinafunsa bambo wina wachikulire amene anakhala pamthunzi ngati malowo alinso a Dionysius. Anaseka mpaka kutsokomola. “Uti mwa iwo, mwana wanga?” Limenelo ndi bwalo la zisudzo la Dionysus, mulungu wa vinyo, ndipo dzina loti Dionysius limangotanthauza munthu wa mulungu ameneyo. Ndiye kuti woyera amene Athens imamutenga ngati nkhoswe yake, amene tsiku lake limakumbukiridwa pa 3 Okutobala, ankayenda ndi dzina la mulungu wa zidakwa. Ndinaseka ndekha nditakumbukira akuluampingo akwathu amene amakana kubatiza mwana dzina la makolo ati n'lachikunja.

Bamboyo anandikhazika pansi n'kuyamba kuwerenga pazala. Amene anandisangalatsa kwambiri ndi Dionysius wa ku Syracuse, wolamulira wankhanza wa pachilumba cha Sicily, amene nkhondo ankaitha koma mtima wake unali pa ndakatulo. Anthu ankamunena kuti salemba bwino, iye osagwa mphwayi. Mu 367 BC sewero lake linapambana pa mpikisano wa Lenaia ku Athens konkuno, ndipo chaka chomwecho anamwalira. Akale ankati anamwa mopitirira muyeso posangalalira mphothoyo. Kaya n'zoona kaya ndi mabodza a adani ake, nkhaniyo imamukhala munthu wa dzina lotere.

Panalinso Dionysius Thrax, wophunzira wa katswiri wa mabuku a Chigiriki Aristarchus ku Alexandria, amene pambuyo pake anakaphunzitsa ku Rhodes. Kabuku ka malamulo a Chigiriki kamene kamadziwika ndi dzina lake kamagawa mawu m'mitundu isanu ndi itatu. Ndinakumbukira rula ya aphunzitsi athu a ku pulayimale pamene tinkalephera kusiyanitsa mneni ndi mlowam'malo. Ndinapeza pogwetsera mlandu. Wina ndi wa ku Halicarnassus, amene anasamukira ku Rome cha m'ma 30 BC n'kulemba mbiri ya Aroma m'mabuku 20, pofuna kutsimikizira Agiriki anzake kuti Aroma nawonso anachokera kwa Agiriki. Wojambula zithunzi wa ku Colophon anangomutchula modutsa, zala zitatsala pang'ono kutha.

Areopagus yeniyeniyo si phiri lalitali. Ndi thanthwe chabe, ngati amene ana amaseweretsapo ku Dedza, koma laterera koopsa chifukwa cha mapazi a anthu a zaka zikwi zambiri. Pali masitepe achitsulo atsopano, koma ine ndi matama anga ndinasankha akale osemedwa pamwala. Pa sitepe yachinayi nsapato inathawa, ndinakhala pansi phi! botolo la madzi n'kugubuduzika mpaka kumunsi. Mayi wina anandigwira mkono osanena kanthu. M'munsimo muli chikwangwani cha mkuwa chimene analembapo ulaliki wonse wa Paulo m'Chigiriki. Pamwamba ukuona Agora, msika wakale umene Paulo ankatsutsana ndi anthu tsiku ndi tsiku, ndipo chakumpoto kwa thanthwelo kuli maziko a tchalitchi chakale cha Dionysius yemwe uja.

Ndili pamwambapo, ndikusisita chigongono, ndinaganiza za momwe dzinali linasokonezera ngakhale ophunzira. Baibulo limamutchula kamodzi kokha. Mwambo wa mpingo umati anakhala bishopu woyamba wa Athens ndipo anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro. Cha m'ma 500 AD munthu wina analemba mabuku ozama a zaumulungu n'kusainira dzina la Dionysius wa ku Areopagus, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,000 anthu anawalemekeza ngati olembedwa ndi wophunzira wa Paulo. Ku France nako kunali Dionysius wawo, bishopu wa Paris amene anadulidwa mutu cha m'ma 250 AD, ndipo nthano imati anautola mutuwo n'kuyenda nawo. M'zaka za m'ma 800, Hilduin, mkulu wa amonke ku Saint-Denis, analemba kuti atatu onsewa ndi munthu mmodzi. Pakamwa pa Afalansa dzinalo linafupika n'kukhala Denis. M'kalasi mwathu ku sekondale munali a Dennis atatu, ndipo tinkawasiyanitsa ndi midzi yawo, monga Agiriki ankachitira ndi a Halicarnassus ndi Colophon.

Madzulo ndinatsikira mu msewu wa Panepistimiou, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Akatolika chotchedwanso dzina la woyerayu. Munali mozizira bwino, ndipo ambiri amene anagwada anali amayi a ku Philippines. Ndinakhala pabenchi yakumbuyo, ndinavula nsapato ija mwakachetechete, n'kupeza kuti chidendene chake chang'ambika kuyambira uku mpaka uko.