Kukulunga Nsambo Zatsopano pa Gitala

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno ku Lusaka kumabweretsa thukuta m'zala, ndipo nsambo za gitala yanga zimachita dzimbiri msanga. Sabata yatha ndinagula zatsopano ku Kamwala, chifukwa kwaya yathu ya ku Chilenje inkafuna gitala yomveka bwino.

Ndimasintha nsambo imodzi imodzi, kuyambira yokhuthala kuposa zonse, yotchedwa E. Kumimba kwa gitala, kamutu ka nsambo kamalowa m'bowo, kenako chikhomo chimakankhidwa uku nsambo ikukokedwa pang'ono kuti igwire.

Ntchito yeniyeni ili kumutu kwa gitala. Mukalowetsa nsambo m'kabowo ka chokungira, musaikoke mpaka kulimba, koma siyani masentimita pafupifupi 5 kuti pakhale chokulunga. Pindani nsonga yake, ndipo potembenuza chokungira gwirani nsamboyo ndi chala kuti mzere uliwonse ugone pansi pa unzake, osakwerana. Nsambo zokhuthala zimafuna kuzungulira kawiri kapena katatu, pamene zopyapyala, zotchedwa B ndi E yaing'ono, zomwe zimaterereka, zimafuna kanayi kapena kasanu. Zonse 6 zidutse mbali ya mkati mwa zokungira. Ndili wamng'ono ndinkakulunga nsambo yonse osadula, ndipo gitala inkasokonekera pakati pa nyimbo, zomwe zinkandipweteka mtima kwambiri pamaso pa mpingo.

Mukachuna, kokani nsambo iliyonse mofatsa ndi kuchunanso kangapo mpaka mawu akhazikike, kenako dulani zotsala ndi pulayala kuti zisakubayeni.