Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 11: Kamunda ka ku Makeni

M'gawo lapitalo ndinasiyira pomwe ntchito yanga ya m'sitolo inatha, ine n'kutsala pakhomo ku Chawama mu Lusaka ndi mkazi wanga ndi ana athu. Munali mu 2024, chaka chomwe aliyense mu Zambia muno sadzachiiwala. Mvula inadula mu Januwale chimanga chisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, chitakhudza maboma 84 mwa 116. Kumudzi kwathu ku Katete, komwe chaka ndi chaka kunkachokera thumba la chimanga, kunangochokera mafoni opempha thandizo. Tinayamba kudalira ufa wa m'timapaketi ta pamela togula pa kantemba, ndiwo n'kumachita kuwerenga masamba.

Mpingo wathu uli ndi malo ku Makeni omwe anawagawa m'timinda kuti akhristu azilimamo ndiwo. Mu Meyi akulu ampingo anandiuza kuti kamunda kena kalibe mwini, poti bambo amene ankalimamo anabwerera kumudzi kalekale. Ndinavomera osaganiza kawiri, ngakhale ndine mwana wa m'tauni amene khasu ankaligwira patchuthi pokha kwa agogo.

Chomwe ndinakapeza linali thengo. Kumapeto kunali nsenjere yoposa msinkhu wanga, lantana itaphimba waya wa mpanda, chisoso chouma chitandimata njere thalauza lonse ndisanafike n'pakati pomwe. Pansi ponse panali kapinga. Chilala chomwe chinapha chimanga cha anthu sichinamuchite kanthu kapingayo. Kunsi kwake kunali miyala, chifukwa Lusaka anakhala pathanthwe la laimu, lomwelo limene amakumba ku Chilanga popanga simenti. Khasu likalowa pang'ono umangomva ngwee, dzanja n'kuchita dzanzi mpaka m'phewa.

Ndinkadzuka m'bandakucha, chisanu cha Juni chikuluma zala, n'kudumpha Kafue Road panjinga yobwereka. Ndinkatchetcha, kugaula apa ndi apo, koma madzulo ndikatembenuka thengo linali lomwe lija. Matuza a m'manja ndi msana zinali zopirika. Chomwe chinkandidya mtima ndi kufika kunyumba chimanjamanja, ana n'kuthamangira njinga kufunsa kuti, "Atate, repu ili kuti?"

Kamunda koyandikana nane n'ka mayi wina wachikulire wa ku Chadiza, amene tonse timangowatchula kuti Ambuya. Anandiyang'ana kwa masiku angapo osanena kanthu, kenako tsiku lina anatsamira pakhasu lawo.

"Mwana wanga, munda wonsewu ukufuna uumalize liti?"

"Ambuya, ndikufuna ndiyeretse kaye ponse, ndiye ndibzale."

"Dothi lopanda mbewu silimuitana munthu. Konza bedi limodzi, ubzale. Ukadzaona masamba, miyendo idzayamba kubwera yokha."

Anatenga chingwe ndi zikhomo zinayi, n'kundiyezera bedi pafupi ndi madzi, mita imodzi m'lifupi, mamita 5 m'litali. Anandilanda khasu n'kundipatsa foloko. Anati khasu limangodula kapinga nthulinthuli, ndipo kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kamaphukanso, moti wolimayo amakhala ngati akumubzala. Ndi foloko umatukula chibuma chonse, kuchigwedeza, n'kusolola timizu toyera tija mpaka kumapeto kwake. Ntchitoyi imafuna kugwada. Umafwanthula dothi ndi zala, kutola timbatata ta dawe tobisala pansi, n'kukayanika zonsezo pamwala kuti dzuwa liziphe. Kapinga wamuwisi salowa m'kompositi, akalowamo ndiye kuti wamupatsa chakudya.

Kwina konse anati ndingotchetcha n'kuyala udzuwo mochindikala, pamwamba pa makatoni omwe ndinkapempha m'masitolo, kuti zomera za pansi zisowe kuwala. Moto anandiletsa kwamtuwagalu. Iwo anaphunzira zaulimi ku Kasisi, kwa ansembe a Jesuit cha ku bwalo la ndege, ndipo amati wotentha udzu watentha manyowa a chaka chamawa. Miyala yomwe inkandikwiyitsa ija ndinayamba kuindandalika m'mbali mwa bedi kuti dothi lisamakokoloke pothirira.

Mbande za repu anandizulira pa nazale yawo. Ndinaziwokera madzulo, motalikirana masentimita 30, nditasakaniza dothi ndi manyowa a nkhuku owolerana a m'mafamu a konkuno. Masiku oyamba zinafota mpaka ndinada nkhawa, kenako zinadzuka. Patatha pafupifupi mwezi ndinathyola masamba a m'munsi, n'kumanga mtolo woyamba pakaliyala. Mkazi wanga anauphika ndi tomato ndi anyezi, ndipo mwana wathu wamng'ono, amene ndiwo zamasamba amazikankhira kumbali, anapempha zowonjezera atamva kuti zachokera m'munda wa atate ake. Ndinatuluka panja kuti ana asaone misozi yanga.

Kuchokera pamenepo sindinkadzikakamizanso kudzuka. Ndikagona ndinkadziwa kuti repu ikudikira madzi. Bedi lachiwiri ndinaikapo kabichi wa Chinese, lachitatu anyezi, m'mbali mwa mpanda chibwabwa ndi kalembula. Lamulo linali lomwe lija, osatsegula bedi latsopano lakale lisanabzalidwe. Bondwe anamera yekha pomwe panagwera manyowa, Ambuya n'kundiuza kuti ndisamupalire. Ngakhale chisoso chanthete, chomwe kuno ambiri amati kanunka, chinasanduka ndiwo.

Mayeso aakulu anabwera mu Seputembala ndi Okutobala. Madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba atatsika, magetsi ankazima maola 17 patsiku, masiku ena kuposa pamenepo. Pampu ya pa mjigo wathu inakhala chete, thanki n'kuuma. Tinatsala ndi chitsime chimodzi chotunga ndi chingwe, timinda tonse pamzere umodzi ndi ndowa. Dzuwa la Okutobala linkaumitsa bedi lothiriridwa m'mawa lisanafike pamutu. Nsabwe nazo zinadzaza kunsi kwa masamba a repu, masambawo n'kumapindikira. Anzathu angapo anasiya timinda tawo nthawi imeneyi, ndipo sindiwaweruza, chifukwa inenso usiku wina ndinauza mkazi wanga kuti mwina ndingokafuna ganyu m'tauni. Iye anati ganyu ndikafune masana, koma m'mawa ukhale wa munda.

Ndinaleka kukulitsa, n'kusamala mabedi anayi okha. Udzu wotchetcha uja, womwe pofika apa unali utafewa, ndinauyala pakati pa mbewu, ndipo madzi a keni imodzi anayamba kukhalitsa m'dothi. Za nsabwe Ambuya anandionetsa ombwe, chitsamba chopha tizilombo, womwe anabzala m'malire mwawo. Timasinja masamba ake, kuwanyika m'madzi usiku wonse, kusefa ndi nsalu, kuthirako tisopo pang'ono, n'kuwaza madzulo kunsi kwa masamba. Pambuyo pake timadikira masiku angapo tisanathyole, ndipo ndiwozo timazitsuka bwino.

Ine ndimaona kuti ambiri oyamba kumene amagonja chifukwa cholima okhaokha, osati ulesi. Zitsa za lantana ndi zitsinde za nsenjere sindikanazitha ndekha. Otsalafe tinagwirizana zochita dima ngati kumudzi, Loweruka lililonse m'munda mwa mmodzi, mwini munda n'kubweretsa thobwa. Litafika tsiku langa, abambo anzanga anabwera ndi mapiki ndi nkhwangwa, amayi akukoka zitsamba n'kumayimba nyimbo za kwaya. Pofika masana ndinaona waya wa mpanda wakumapeto kwa nthawi yoyamba.

Pomwe panali makatoni, kapinga wambiri anali atayera n'kufooka, moti foloko inkalowa mosavuta. Kumeneko ndinakumba maenje a chimanga ndi khasu lolemera lotchedwa chaka, mizere motalikirana masentimita 90, maenje masentimita 70, m'dzenje lililonse manyowa odzaza manja awiri. Mvula ya Novembala inapeza maenjewo ali okonzeka, ngakhale ngodya ina ya miyala yambiri inali ikadali thengo.

Nthawi imeneyi repu inali itayamba kutichulukira, ndipo mkazi wanga anaika kathebulo pageti ku Chawama. Za malonda amenewo, ndi momwe tinapezera ndalama ya yunifolomu ya ana mu Januwale 2025, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.